Oyeza malo a bwalo la mpira ku Kasungu: pa nthaka alimba, pa magetsi, madzi ndi misewu atsalira

Lipoti limene tikuunika pano linalembedwa ndi kampani ina ya mainjiniya imene komiti yofuna kumanga bwalo la masewero kunja pang'ono kwa tawuni ya Kasungu inailemba ntchito. Pempho la komiti linali lomveka: malo a mahekitala 5, bwalo la anthu 5,000, lokhala ndi kapinga ndi magetsi oseweretsa usiku. Kampaniyo inayenera kunena ngati nthaka ingasenze nyumba ndi mipando, ngati magetsi ndi madzi angakwane, komanso ngati anthu ndi magalimoto angalowe ndi kutuluka popanda ngozi. Ntchito ya pamalopo anaigwira mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo miyezi imeneyi ndi imene yapatsa lipotili mphamvu yake komanso kufooka kwake.

Tiyambe ndi pamene achita bwino, chifukwa apa ndalama ya komiti sinapite pachabe. Mapu a kutsetsereka kwa malo anawajambula ndi mizere yotalikirana theka la mita, osati mamita 5 monga ena amachitira pofuna kufulumira. Kuno ku chigwa cha Kasungu malo amaoneka athyathyathya ndi maso, koma kusiyana kwa mita imodzi kumakwanira kuti madzi a mvula azisonkhana pagolo limodzi. Anakumba maenje oyeza nthaka pamene padzakhale mipando, pamene padzaime nsanamira za magetsi, ndi pakati pa bwalo, ndipo dzenje lililonse lili ndi chithunzi chokhala ndi tepi yoyezera m'mbali, moti munthu amaona yekha pamene katondo wofiira wathera ndi pamene dothi lotuwa lonyowa layambira. Mbali ya kumunsi anapeza makande, dothi lakuda la kudambo lija limene limafufuma likamwa madzi n'kung'ambika m'chilimwe. Khoma la mpanda lomangidwa pa makande ndi maziko wamba silichedwa kuchita ming'alu, ndipo lipoti lanena mosabisa kuti bwalo lisunthire kumtunda, kumunsiko kukhale kolandirira madzi.

Chinanso chimene tachiyamikira ndi timapaipi toboolaboola timene anasiya m'maenje ena kuti aziyeza kukwera kwa madzi a pansi mvula ili mkati. Oyeza ambiri amabwera mu Sepitembala, kukumba dzenje louma, n'kulemba kuti madzi sanapezeke. Awa anaona malowo pa nthawi yake yoipitsitsa. Masamu awo a madzi a mvula nawonso ndi olondola. Mamilimita 50 akagwa pa mahekitala 5 ndiye kuti pagwa malita 2.5 miliyoni, ndipo mukafolera mipando ndi malata n'kuwaka poimika magalimoto, ambiri mwa madzi amenewo salowanso pansi. Aonetsa ngalande yotchinga madzi ochokera kumtunda, kukula kwa makalavati, ndi kumene madziwo adzatulukire osakalowa m'minda ya eni ake. Zulu zonse anaziika pa mapu ndi kulangiza kuti zikumbidwe mpaka pansi, chiswe chiphedwe, dzenje likwiriridwe pang'onopang'ono akutsendera, chifukwa chulu chongosalazidwa pamwamba chimadzatitimira pansi pa kapinga. Bwalo lenileni, la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, aliloza kumpoto ndi kumwera kuti goloboyi asamayang'anizane ndi dzuwa la madzulo. Pa gawo limeneli tilibe chodandaula.

Tikafika pa magetsi, lipoti likupepuka. Mutu wonse wakhazikika pa chiganizo chakuti mawaya a ESCOM akudutsa pafupi ndipo pali thiransifoma pamalo ochitira malonda oyandikana nawo. Zimenezo ndi zoona, koma sizikuyankha funso limene komiti inafunsa. Waya kudutsa pafupi sikutanthauza kuti muli mphamvu yotsala yoti bwalo litengeko.

Zimene zinafunika si zovuta. Choyamba ndi kuima pansi pa polo n'kuwerenga mawaya a pamwamba: atatu ndiye kuti ndi three-phase, magetsi oyendetsa makina aakulu, awiri okha ndiye kuti ndi nthambi ya single-phase imene singayendetse mapampu aakulu ndi nyale za bwalo. Chachiwiri ndi kudziwa ngati laini imeneyo ndi ya 11kV kapena 33kV, chifukwa thiransifoma yogula iyenera kugwirizana nayo. Chachitatu ndi kuwerenga kachitsulo kolembedwa pa thiransifoma imene ilipoyo, kenaka kupempha ESCOM kuti ayeze katundu amene yasenza kale kwa sabata yathunthu, makamaka kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 9 koloko usiku. Nthawi imeneyo ndi imene nyumba zayatsa, mashopu ayatsa, chigayo china chikadali kulira, ndipo ndi nthawi yomweyo imene nyale za bwalo zimafunika. Mu lipotili mulibe chilichonse mwa zitatuzi.

Mulibenso kuwerengera kwa mphamvu imene bwalo lidzafune, pamene masamu ake ndi a tsamba limodzi. Bwalo pamodzi ndi m'mphepete mwake ndi pafupifupi masikweya mita 8,000. Kuti paunikidwe kufika pa 500 lux, mlingo woti mpira wa mpikisano useweredwe bwino popanda kanema, pamafunika nyale za LED zokoka ma kW 60 mpaka 70, mukawerengera kuwala kotayikira kunja ndi kuzilala kwa nyale zikamakalamba ndi kugwira fumbi. Onjezani mapampu a madzi, magiza a m'zipinda zovalira, zokuzira mawu, nyale za m'zipata ndi poimika magalimoto, mwadutsa kale 100 kVA (kVA ndi muyezo wa mphamvu imene thiransifoma ingasenze). Choncho bwaloli likufuna thiransifoma yakeyake ya 200 kVA, ndipo ngati komiti ikulota zodzaonetsa masewero a usiku pa kanema, kumene kuwala kumafunika kuposa kawiri, ayambiretu kuganiza za 315 kVA. Thiransifomayo iyenera kukhala mkati mwa mpanda, pa zifukwa ziwiri. Magetsi a 400V akayenda mtunda wa mamita mazana angapo mphamvu imatsika, ndipo kuti isatsike mumagula kebulo yonenepa ya mtengo woopsa. Chifukwa china tonse tikuchidziwa: thiransifoma yokhala payokha kutchire imakopa akuba mafuta ndi kopa.

Za jenereta alemba mzere umodzi, kuti idzafunika. Inde idzafunika, ndi kuthimathima kwa magetsi kumene timakhala nako, koma funso ndi lakuti idzasenza chiyani. Jenereta yodzilizira yokha imatenga masekondi 10 kapena 15 isanayambe kupereka mphamvu. Masekondi amenewo, anthu 5,000 ali mumdima pa masitepe, ndi ambiri. N'chifukwa chake nyale za m'makwalala, m'zipata ndi zokuzira mawu zimayenera kukhala pa mabatire osadukiza. Apa LED ili ndi ubwino wina umene lipoti likanautchula: imayaka pomwepo, pamene nyale zakale za metal halide zikazima zimadikira kuzizira mphindi 10 kapena kuposerapo. Sanayezenso mmene nthaka ingalandirire mphezi, chikhalirecho nsanamira za mamita 25 kapena 30 pa chigwa chopanda mitengo italiitali ndizo zidzakhale zoyamba kumenyedwa. Muyezo wa earthing, kutanthauza mmene nthaka imakanira magetsi olowetsedwa pansi, umafunika kutsika pansi pa 10 ohms, ndipo uyezedwe nthaka itauma, osati mu Malichi. Ndipo poti Kasungu ili ndi bwalo la ndege, kutalika kwa nsanamirazo kufunsidwe kwa oyang'anira za ndege zisanagulidwe.

Pa madzi ndi pamene pali vuto lalikulu koposa, chifukwa apa lipoti lapereka chiyembekezo chimene chingasocheretse komiti. Likuti paipi ya Central Region Water Board ikufika chapafupi, ndipo mjigo umene uli pamalopo unapopedwa kwa maola ochepa osauma. Tiyeni tione madzi amene akufunika. Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kapinga amataya mamilimita 5 kapena 6 pa tsiku. Pa masikweya mita 8,000 amenewo ndi malita 40,000 mpaka 48,000 tsiku lililonse, kungothirira kokha. Mjigo wotulutsa lita imodzi pa sekondi umapereka malita 3,600 pa ola, ndiye uyenera kupopa maola 12 osaleka kuti ukwanitse. Mjigo wa pamanja wa Afridev, umene timauona m'midzi, sufika ngakhale theka la lita pa sekondi. Kuti mjigo sumauma amayi akamatunga m'zidebe sizitiuza kanthu za mmene udzachitire mukaikamo pampu yamagetsi.

Madzi a pansi kuno amakhala m'miyala yofumbwa ndi m'ming'alu ya thanthwe, ndipo mijigo iwiri yotalikirana mamita 100 ikhoza kusiyana kwambiri. Kuyeza koyenera kumayamba ndi kupopa mokweza pang'onopang'ono, masitepe atatu kapena anayi, kuti muone pamene madzi ayamba kutsika msanga. Kenaka mumapopa mlingo umodzi kwa maola 24 mpaka 72, mukulemba kutsika kwa madzi, ndipo mukazimitsa mumayezanso nthawi imene atenge kuti abwerere. Nthawi yomweyo muziyang'ana mijigo ndi zitsime za anthu oyandikana nawo, kuti bwalo lisadzaumitse madzi akumwa a mudzi. Zonsezi zichitike mu Okutobala kapena kumayambiriro a Novembala mvula isanagwe. Kuyeza mjigo mu Malichi kuli ngati kuyeza chakudya cha banja poyang'ana nkhokwe mu Meyi, chimanga chitangolowa.

Madzi a bodi nawo ali ndi malire. Tawuni ya Kasungu imadalira damu la Chitete, limene limatsika kwambiri m'zaka za mvula yochepa, ndipo zikatero n'zosamveka kuthirira kapinga ndi madzi othiridwa mankhwala pamene m'makomo mipope yauma. Bilu yakenso ingagwetse komiti. Madzi a bodi akhale akumwa, osamba osewera ndi ophikira. Koma ngakhale pamenepo lipoti linayenera kunena kukula kwa paipiyo, ngati ndi ya mamilimita 63 kapena 110, ndi kuika geji yoyeza presha kwa masiku angapo, usana ndi usiku, chifukwa paipi ya kumapeto kwa tawuni nthawi zambiri imakhala ndi madzi m'bandakucha basi. Linayeneranso kukhala ndi kalata ya bodi yonena madzi amene ingalonjeze pa tsiku. Silinatchule n'komwe kuti kupopa madzi a pansi pa mlingo umenewu kumafuna chilolezo cha National Water Resources Authority, motsatira lamulo la madzi la 2013.

Zimbudzi azitenga ngati za pasukulu, kugawa anthu pa maola onse a tsiku. Pa mpira sizitero. Anthu amadzuka onse pamodzi pa mphindi 15 zopumulira. Theka la anthu 5,000 likagwiritsa ntchito chimbudzi cha malita 6, apita malita 15,000, ambiri mwa iwo m'kanthawi kameneko, ndipo palibe paipi ya m'dera lotere imene ingathamange chotero. Yankho ndi mathanki a pamwamba odzazidwa dzulo lake ndi mapaipi otsika onenepa. Madzi oipa nawonso amafika pa septic tank nthawi imodzi, ndipo thanki yaing'ono imangokankhira zonyansa zosawola ku dzenje lomwetsera, limene limatsekeka pasanathe nyengo ziwiri za mpira. Chodabwitsa n'chakuti kampani yomweyi inapeza madzi a pansi ali pafupi mbali ya kumunsi, koma pa mapu yaika dzenje lomwetsera komweko. Liyenera kupita pa katondo, pamalo oyezedwa kamwedwe ka madzi, ndipo litalikirane ndi mjigo mamita osachepera 30, kumunsi kwake osati kumtunda.

Tsopano njira. Awerenga magalimoto odutsa pamphambano yolowera kumaloko tsiku limodzi la mkati mwa sabata, mu Malichi, napeza kuti msewu uli ndi mpata. Koma msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo kuyambira pamenepo malole opita ku msika wa Chinkhoma amadzaza M1 ndi misewu yolowa m'menemo, nthawi yomweyo imene ligi ili pakati. Kuwerenga kunayenera kuchitika Loweruka kapena Lamulungu masana m'nyengo ya fodya. Galimoto yochokera mbali ina ikafuna kukhotera kudzanja lamanja imaima pakati pa msewu, kumbuyo kukubwera lole yolemera. Pamafunika kanjira kodikirira okhota, malo oti dalaivala aone patali mbali zonse, ndi chilolezo cha Roads Authority, pakuti simungangotsegula mphambano pa msewu waukulu. Malire a msewu waukulu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndipo mpanda kapena poimika magalimoto zikalowa m'menemo zidzagwetsedwa.

Cholakwika chachikulu pa gawoli n'chakuti lipoti laona magalimoto okha. Lapatula malo a magalimoto 300, amene pa masikweya mita 25 iliyonse akudya 7,500, pafupifupi bwalo lina lathunthu. Koma ochemerera ambiri ku Kasungu adzabwera wapansi, pa kabaza wa njinga yakapalasa kapena yamoto, m'maminibasi, ndi pa malole ochokera ku Santhe, ku Chulu kapena ku Chamama. Palibe malo otsitsira anthu, palibe poimika njinga, palibe pamene akabaza angadikirire mpira ukamatha, palibe malo a amayi ogulitsa mandasi ndi anyamata a chiwaya. Onsewa adzabwerabe, ndipo akapanda kupatsidwa malo adzakhala pakhomo penipeni, pamene payenera kukhala poyera. Basi ya timu, yotalika mamita 12, imafuna bwalo lotembenukira la pafupifupi mamita 25 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo pa mapu awo basi yotero iyenera kubwerera chafutambuyo pakati pa anthu.

Msewu wolowera ndi umodzi, wafumbi, ndipo chipata chachikulu n'chimodzi. Apa sitinganyengerere. Dziko lino likukumbukira za pa 6 Julaye 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa kupanikizana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe. Zipata ndi nkhani ya moyo. Muyezo umene odziwa za mabwalo amagwiritsa ntchito ndi wakuti mita imodzi ya mpata pamalo osalala imadutsa anthu 82 pa mphindi, pa masitepe 66, ndipo anthu onse azitha kuchoka pamipando m'mphindi 8. Kwa anthu 5,000 ndiye kuti pakufunika mamita pafupifupi 8 a zipata zotulukira, kapena 10 ngati pali masitepe, ogawidwa mbali zonse zinayi, zitseko zotsegukira kunja, kutsogolo kwake kopanda galimoto kapena benchi. Polowa, khomo limodzi loonetsa tikiti limadutsa anthu osapitirira 660 pa ola, ndipo poti ambiri amafika ola lomaliza, pakufunika makomo 8. Ambulansi iyenera kukhala ndi njira yakeyake yochokera pa kapinga kukalowa mumsewu wopita ku chipatala cha boma, yosakumana ndi khamu. Masamu amenewa ndi amene amanena kukula kwa malo ozungulira bwalo, choncho sangadikire kuti adzachitike pojambula nyumba.

Za umwini wa malo azidutsa mofulumira. Anena kuti mfumu inavomera, koma msewu wolowera ukakulitsidwa udzadya minda ya anthu, chimodzimodzi njira ya mapolo ndi ya paipi, ndipo onsewo ndi ofunika chipukuta misozi. Malo a makolo tsopano amayendera lamulo la 2016, ndipo mawu a pakamwa sakwanira kuti mutenge lizi. Lipoti silinanenenso ngati anafunsa akuluakulu a mudzi za manda akale, kapena ngati ntchitoyi idzafunika kuunikidwa ndi MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, zimene zimatenga miyezi. Za netiweki ya mafoni alemba kuti TNM ndi Airtel zikugwira, zimene ndi zoona pamalo opanda anthu. Mafoni zikwi zingapo pa nsanja imodzi ndi nkhani ina, makamaka ngati matikiti adzagulidwa pafoni.

Kodi kampaniyi ndi yoyenera kuilemba ntchito? Pa kuyeza malo, nthaka ndi ngalande, inde, ndipo tingailimbikitse kwa komiti ina iliyonse ya ku Kasungu kapena ku Mchinji, kumene madambo ndi makande ndi ofanana ndi kuno. Anthu ake akuoneka kuti ndi a zomangamanga ndi nthaka, ndipo mitu ya magetsi, madzi ndi kayendedwe ka anthu anailemba popanda katswiri wa mbali zimenezo. Mbali ina ya vutoli ili mu kontilakiti, imene inangoti aunike ngati zinthuzi zilipo, osati ngati zikukwana.

Inu a komiti, musalipire gawo lomaliza la ndalama, ndipo musapite nalo lipotili kwa opereka thandizo mmene lililimu. Apempheni abwerenso ndi injiniya wa magetsi ndi wa madzi. Mjigo upopedwe maola osachepera 24 mu Okutobala. Pakhale makalata atatu osainidwa, ya ESCOM yonena mphamvu imene ingaperekedwe ndi mtengo wokokera laini, ya Central Region Water Board yonena malita a pa tsiku, ndi ya Roads Authority yovomereza mphambano. Magalimoto awerengedwenso Loweruka la mu Juni, ndipo mapu atsopano aonetse msewu wachiwiri, zipata za mbali zonse, ndi malo a kabaza. Muitanenso a FAM, bungwe loyendetsa mpira wa miyendo m'dziko muno, adzaone mapuwo asanasindikizidwe, popeza ndi iwo amene adzanene ngati bwalo likuyenera masewero a ligi. Mjigo ukadzalephera kufika lita imodzi pa sekondi, komiti idzasankhe pakati pa kukumba wina, kumanga damu laling'ono kumunsi kuja kosungira madzi a mvula, kapena kusiya kapinga wachilengedwe, ndipo chisankho chimenecho chichitike kontilakitala asanabweretse thumba la simenti ngakhale limodzi.